Bala Limene Tapanga Tokha: Mphaka Wamkazi ndi Masiku a Pambuyo pa Opaleshoni

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Mvera, kudzera ku Mponela mpaka ku Malomo, mphaka timamusunga chifukwa cha ntchito yake. Tikakolola chimanga, mtedza ndi soya, n'kuziika m'nkhokwe kapena m'matumba pakona ya chipinda, makoswe amabwera kudzadya thukuta lathu la chaka chonse, ndipo mlonda amene satopa kuchezera usiku ndi mphaka. Koma mlonda ameneyu akakhala wamkazi amabweretsa nkhawa ina. Mphaka akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6 yokha. Bere lake limatenga masiku 63 mpaka 65. Ndipo pachaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu, ana anayi kapena asanu ulendo uliwonse. Khomo limene limafuna mphaka mmodzi limapezeka ndi ana oposa khumi chaka chisanathe. Kumene ambiri mwa anawa amathera tonse tikukudziwa: m'thumba lomangidwa pakamwa n'kuponyedwa mumtsinje, m'dzenje la chimbudzi, kapena kuseri kwa msika kumene amalira mpaka mawu atatha.

Pofuna kuthetsa zimenezi, madokotala a ziweto amachita opaleshoni yotseka mphaka wamkazi kuti asabereke. Nyamayo amaigoneka ndi mankhwala, amameta ubweya pamimba kapena m'nthiti, amang'amba pang'ono, n'kuchotsa tizigawo topanga mazira pamodzi ndi chiberekero, kenaka n'kusoka. Ku Lilongwe, bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linakhazikitsidwa mu 2008, lakhala likugwira ntchito imeneyi pamodzi ndi yopereka katemera wa chiwewe. Madokotala amatiuzanso kuti mphaka wotsekedwa akadali wamng'ono sagwidwa kawirikawiri ndi khansa ya m'mawere, ndipo matenda a mafinya m'chiberekero samupezanso.

Msilamu akamva zimenezi amakhala ndi funso limene amathamanga nalo kwa Shehe: kodi Shariya ikuloleza? Limeneli ndi funso loyenera, ndipo tiyamba nalo. Koma pali funso lachiwiri limene safunsa ndi ambiri, ndilo lakuti: dokotala akamaliza kusoka n'kutipatsa mphaka wathu m'manja, kodi ife tatsala ndi ngongole yanji kwa iye? Tikuona kuti mafunso awiriwa ndi olumikizana kwambiri, mwakuti yankho la loyamba limadalira mmene tayankhira lachiwiri ndi manja athu.

Ma ulama sanagwirizane pa nkhani yothena nyama. Qur'an yolemekezeka, mu Surat An-Nisa ndime ya 119, ikutchula kuwononga ziwalo za ziweto ndi kusintha zimene Allah analenga pakati pa misampha imene Satana analumbira kutchera ana a Adam. Ena mwa akuluakulu oyambirira anamva kuti kusintha kumeneku kukutanthauza kuthena ziweto. Ena anati ndi kusintha chipembedzo chimene Allah anakhazikitsa mumtima mwa munthu. Imam At-Tabari, amene anamwalira mu 923, anasonkhanitsa maganizo onse awiri mu tafsir yake ndipo iye anatsamira ku lachiwiri. Kumbali inayi, zalandiridwa kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapereka nsembe nkhosa ziwiri zamphongo zofulidwa, ndipo ma ulama ambiri anatengapo umboni woti kufula chiweto pa chifukwa chomveka n'kololedwa.

Asilamu ambiri a m'Malawi muno timatsata njira ya Imam Shafi'i, imene inatipeza kuchokera kugombe la Aswahili, kudzera mwa a Jumbe a ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 ndiponso mwa Ayao. M'njira imeneyi chiweruzo chakale n'chokhwima. Imam An-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, analemba kuti nyama yodyedwa ikhoza kufulidwa ikadali yaing'ono, koma nyama yosadyedwa siyenera kufulidwa. Mphaka ndi nyama yosadyedwa. Ma ulama a njira ya Imam Abu Hanifa anafewetsa: buku la Al-Fatawa al-Hindiyya, limene linasonkhanitsidwa ku India m'nthawi ya mfumu Aurangzeb, limatchula mphaka mwachindunji ndi kuloleza kumuthena ngati pali phindu kapena ngati kukuchotsa vuto. M'nthawi yathu ino, Sheikh Ibn Uthaymin wa ku Saudi Arabia, amene anamwalira mu 2001, anaona kuti amphaka akachuluka mpaka kusautsa, ndipo opaleshoniyo siikuwazunza, kuwatseka n'kwabwino kusiyana ndi kupha ana atabadwa kale.

Sitikupereka fatwa pano. Aliyense afunse Shehe amene amakhulupirira kuzindikira kwake. Chimene tikufuna kuti tione ndi muzu wa mkanganowu. Amene analetsa analetsa chifukwa choopa kuzunza cholengedwa popanda phindu lokwanira, ndipo ankanena za kuthena kwa masiku awo, kwa mpeni kapena mwala, nyama ili maso. Amene analoleza analoleza pa malire akuti phindu lipose ululu. Onse awiri akuyeza chinthu chimodzi, ndicho kuvutika kwa nyamayo. Tsono amene wasankha kutsata oletsa wanyamula udindo wodyetsa ana onse amene mphaka wake adzaswe kapena kuwapezera makomo, pakuti palibe Imam ngakhale mmodzi amene analoleza thumba ndi mtsinje. Amene wasankha kutsata ololeza wanyamula udindo woonetsetsa kuti ululuwo ukhaledi wochepa monga anauzira Shehe pofunsa. Walira mvula walira matope.

Apa ndi pamene masiku a pambuyo pa opaleshoni amakhala nkhani ya chipembedzo. Ntchito ya dokotala imatha pasanathe ola limodzi, koma bala limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti ligwirane. Chilolezo chimene tinapatsidwa chinamangidwa pa lonjezo lakuti nyamayo ivutika pang'ono n'kupindula kwambiri. Mphakayo akafa ndi mafinya pa tsiku lachisanu chifukwa palibe amene anayang'ana pamimba pake, ndiye kuti lonjezo lija linali labodza, ndipo chimene oletsa ankaopa chachitikadi pakhomo pathu. Dokotala sangakwaniritse lonjezo limeneli m'malo mwathu, pakuti iye ali ku Lilongwe ndipo mphaka ali kwathu ku Nthondo kapena kwa Dzoole.

Pali kusiyana pakati pa bala limene talipeza ndi bala limene talipanga. Tikapeza mphaka wolumidwa ndi galu panjira n'kumuthandiza, tachita sadaka, ndipo tikamudutsa tataya malipiro. Koma mphaka wa opaleshoni anali wathanzi m'mawa wa tsiku limenelo. Sanapemphe kuti ang'ambidwe, sanamve chifukwa chake, ndipo sangadziwe kuti kunyambita ulusi kukhoza kumupha. Ife ndife tinaganiza m'malo mwake, ife ndife tinamunyamula, ife ndife tinalipira. Kumusamalira tsopano kwachoka m'gulu la zabwino zongodzipereka, kwalowa m'gulu la ngongole. Izz ad-Din ibn Abd as-Salam, katswiri wa njira ya Imam Shafi'i amene anamwalira ku Cairo mu 1262, polemba za maufulu a nyama pa anthu m'buku lake la Qawa'id al-Ahkam, anaika patsogolo udindo wa mwini woipezera nyama zofunika zake ngakhale itadwala kapena kukalamba mpaka kusapindulitsanso. Ngati ziri choncho pa matenda amene abwera okha, nanga bwanji pa matenda amene tawaitana ife?

Tonse timaidziwa Hadith imene Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira kuchokera kwa Abdullah ibn Umar (Allah asangalale naye), yonena za mayi amene analangidwa ku Moto chifukwa cha mphaka. Anamutsekera mpaka anafa ndi njala, osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzisakire yekha. Chodabwitsa n'chakuti lamulo loyamba limene dokotala amatipatsa pambuyo pa opaleshoni ndi lomwelo la kutsekera: mphaka asatuluke panja, asadumphe, asakwere mtengo, asasake, kwa masabata awiri. Tikamvera lamulo limeneli timaima pamalo enieni pamene mayi uja anaima, chitseko chotseka chili pakati pa ife ndi cholengedwa chimene chakudya chake tachichotsa m'manja mwake n'kuchiika m'manja mwathu. Chimene chimatisiyanitsa ndi iye ndi zimene timalowetsa pachitsekocho m'mawa ndi madzulo. Mphaka wa kumudzi amadzidyetsa yekha gawo lalikulu la moyo wake, choncho n'kosavuta kuiwala kuti m'masabata awiriwa sangatero.

Tsono ngongole imeneyi imalipidwa bwanji? Imayamba paulendo wobwerera kunyumba. Mphaka amene wangotsitsimuka asanyamulidwe m'thumba la feteleza. Aikidwe m'katoni yoboola mabowo a mpweya, pansi payalidwe chitenje, ndipo katoniyo ikhale pamiyendo ya munthu, kaya mu minibasi ya pa M1 kaya pa njinga yamoto yokwera zitunda za ku Ntchisi. Mankhwala ogonetsa amatsitsa kutentha kwa thupi, kumene kwa mphaka wathanzi kumakhala madigiri 38 mpaka 39, ndipo tonse tikudziwa chisanu ndi nkhungu ya m'mapiri athu mu Juni ndi Julayi. Usiku woyamba agone m'nyumba, pansi, pa bulangete louma, kutali ndi mphepo ya pakhomo. Koma asayandikizidwe ku mbaula kapena kumoto, pakuti nyama imene ikadali dzandidzandi ikhoza kupsa isanadziwe, ndipo utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ndi nyama yomwe.

Madzulo a tsiku loyamba apatsidwe madzi abwino ndi chakudya chochepa, chifukwa mankhwala aja amachititsa nseru. Kuyambira tsiku lachiwiri adye mokwanira, ndipo tikumbukire kuti Allah anamulenga wodya nyama: nsima yokha siingamange bala. Usipa wopanda mchere, dzira lophika, kapena kanyama kankhuku n'zokwanira. Ndiwo za anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu. Pakona ya chipinda paikidwe beseni la mchenga wouma, lotayidwa tsiku ndi tsiku, poti mphaka ndi nyama yaukhondo imene siidzithandiza pamene imagona.

Bala liyang'anidwe kawiri pa tsiku, kukuwala. Ife amene tsiku lathu linagawidwa kale ndi swala sitisowa wotchi: kamodzi dzuwa likatuluka pambuyo pa Fajr, kenanso pambuyo pa Asr kusanade. Bala labwino limakhala louma, milomo yake yogwirana, mwina lotupa pang'ono chabe. Likayamba kufiira kwambiri, kutupa mowonjezereka, kutuluka magazi kapena mafinya, kununkha, kapena ulusi ukamasuka, nthawi yoimbira dokotala kapena mlangizi wa ziweto yakwana. Chimodzimodzi mphaka akakana kudya tsiku lathunthu, akamasanza mobwerezabwereza, kapena nkhama zake zikayera. Lilime la mphaka ndi lokakala ngati tupa ndipo limasomphola ulusi, choncho avale kolala imene dokotala wapereka, kapena kamalaya kosokedwa kuchokera ku chovala chakale cha mwana. Asasambitsidwe mpaka bala litapola. M'dzinja tichenjere ndi ntchentche, zimene zimaikira mazira pabala lonyowa n'kubala mphutsi.

Pali chifundo china chimene chimapha, ndipo chimenechi tiyenera kuchiopa kwambiri chifukwa chimachokera mumtima wabwino. Tikaona mphaka akubuula timafuna kumupatsa zimene ife timamwa mutu ukamapweteka. Panado ndi mankhwala onse a paracetamol ndi chiphe kwa mphaka. Chiwindi chake chilibe mphamvu yowasungunula monga chimachitira cha munthu, ndiye amawononga magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Aspirin ndi ibuprofen nazonso n'zoopsa kwa iye. Phulusa, oyilo wa galimoto ndi dibi ya ng'ombe zisayandikire pabala. Mankhwala opha ululu akhale okhawo amene dokotala wapereka, pamlingo umene wanena. M'Hadith ya munthu amene anakhululukidwa chifukwa chomwetsa galu waludzu, Maswahaba atafunsa ngati kuthandiza nyama kuli ndi malipiro, yankho la Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) linatchula chiwindi chachinyontho monga chizindikiro cha chamoyo chilichonse. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wofuna malipiro amenewo awononge chiwindi chomwecho chifukwa sanafunse. Niya yabwino imafunika kuyenda ndi kudziwa. Ihsan, kuchita chinthu mwaubwino ndi mwaluso, kumene Hadith ya nambala 17 m'Hadith makumi anayi za Imam An-Nawawi ikutilamula pa chilichonse mpaka pa kunola mpeni wozingira, kumafuna kuti tiphunzire thupi la cholengedwa chimene tikuchisamala.

Ana a pakhomo auzidwe kuti asamunyamule mphakayo pamimba, ndipo galu asalowe m'chipindamo. Anansi nawonso ndi bwino kuwauza. M'midzi mwathu mphaka amanamiziridwa zambiri zokhudza ufiti, ndipo wina akaona mphaka wometedwa mbali imodzi, wosokedwa, atavala kolala, akhoza kumugenda kapena kuyambitsa mphekesera pa banja lathu. Chisilamu chinamuyeretsa mphaka ku zonenazi kalekale. Imam Malik analandira mu Muwatta nkhani ya Abu Qatada (Allah asangalale naye), amene anapendeketsa chotengera cha madzi ake a wudhu kuti mphaka amwe, ndipo mpongozi wake atadabwa anamufotokozera kuti Mtumiki anaphunzitsa kuti mphaka alibe najisi, ndi mmodzi wa ozungulira pakhomo. Swahaba amene analandira Hadith zochuluka kuposa onse timamudziwa ndi dzina la Abu Hurairah, lotanthauza mwini kamphaka.

Wina adzatsutsa, ndipo kutsutsa kwake n'kolemera. Adzati: m'boma la Dowa muli msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo mukukhala anthu othawa kwawo oposa 50,000, mu Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amagona ndi njala, mayi amene wabereka kudzera pa opaleshoni amabwerera kumudzi n'kuyamba kutunga madzi bala lake lisanapole. Kodi si chipongwe kulemba za dzira la mphaka? Tikuvomereza kuti munthu ndiye woyamba. Ngati dzira lili limodzi ndipo mwana ali ndi njala, dziralo ndi la mwana, ndipo banja limene likudziwa kuti silingathe kudyetsa mphaka wotsekeredwa kwa masabata awiri lidikire nyengo yokolola lisanapite naye kwa dokotala. Kusankha nthawi ndi gawo la udindo womwewo. Koma tikawerenga zimene tatchula pamwambapa, zambiri sizifuna ndalama: katoni, chitenje chakale, mchenga, madzi, ndi maso oyang'ana kawiri pa tsiku. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi chidwi, ndipo chidwi sichitha chifukwa chogwiritsidwa ntchito. Mwana amene waphunzira kuyenda mwakachetechete pafupi ndi mphaka wovulala ndi yemweyo amene adzadziwe kumulandira mayi ake ndowa akadzachokera kuchipatala. Surat Al-An'am ndime ya 38 ikutiphunzitsa kuti nyama ndi mbalame nazo ndi mitundu ya zolengedwa monga ife, ndipo Hadith ya mayi uja siinamupatse chowiringula choti panali anthu ovutika kuposa mphaka.

Palinso phunziro lina limene masabata awiriwa amapereka kwa mwini nyumba. M'masiku amenewa mphaka sagwira khoswe ngakhale mmodzi. Amangodya, kugona, ndi kutiyang'ana mokayika, mwinanso kutikanda tikafuna kuona bala. Sadzathokoza, pakuti m'maganizo mwake ife ndi amene tinamupweteka. Ubale wathu ndi iye unali wa malonda, iye kulondera nkhokwe, ife kumuponyera makombo. Tsopano malonda aima ndipo chatsala ndi amana yokha. Zabwino zambiri zimene timachita zimakhala ndi mboni: mzikiti umaona sadaka yathu, mudzi umaona kupezeka kwathu pamaliro. Beseni la mchenga lotayidwa m'bandakucha palibe amene amaliona koma Allah yekha, ndipo n'chifukwa chake ntchito yotereyi ndi muyeso wabwino wa ikhlas, kuyera kwa cholinga.

Masiku 14 akakwana, bala litauma ndipo ulusi wachotsedwa ngati unali wofunika kuchotsa, chitseko chitsegulidwe. Kumusunga m'chipinda kupitirira pamenepo popanda chifukwa kungakhale kumulanda ufulu umene tinangobwereka. Abwerere ku nkhokwe yake, atalandiranso katemera wa chiwewe amene amateteza iye ndi ana athu. Chakudya chake chiyezedwe, poti mphaka wotsekedwa amanenepa msanga. Ma ulama adzapitiriza kusiyana maganizo pa funso loyamba lija, ndipo kusiyana kwawo n'kwaulemu. Pa funso lachiwiri sitikuona kusiyana kulikonse pakati pawo: amene watsekera chamoyo adzafunsidwa chimene anachidyetsa, ndipo amene walamula kuti ching'ambidwe adzafunsidwa mmene balalo linapolera. Tikupempha Allah atipatse mitima yachifundo pamodzi ndi nzeru yochigwiritsira ntchito, ndipo Iye ndiye Wodziwa kwambiri.